Tikatsikira ku Nyanja: Za Maboti a Hayala ndi Anyamata Owayendetsa

Nkhani yathu lero ndi ya pamadzi. Ndikudziŵa kuti ena a inu a ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani ndi ku Linthipe muyamba kufunsana kuti, kodi ife alimi a mbatatesi ndi nyemba, za maboti zikutikhudza pati? Zikutikhudza ndithu, chifukwa masiku ano anthu a ku mapiri akutsikira ku nyanja mwaunyinji kukasangalala, ndipo pa anthu onse okwera maboti a hayala, amene sadziŵa madzi kwenikweni ndife.

Boma lathu la Dedza lili ndi nkhope ziŵiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, koma boma lomweli limatsetsereka mpaka kukakhudza nyanja ya Malaŵi m'dera la Inkosi Kachindamoto, kumene madzi ali pamtunda wosafika mamita 500. Munthu akapatuka pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, amafika pa Golomoti atavula kale juzi. Kuchokera pamenepo akhoza kuloŵera ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, kapena kudzera ku Mua, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima ndi ku Senga Bay. Ndi ulendo wonyamuka m'maŵa n'kukadya nkhomaliro m'mbali mwa madzi. N'chifukwa chake ana a sukulu akamaliza mayeso, makwaya a mipingo, amayi a mabanki a m'mudzi akagaŵana ndalama, ndiponso ogwira ntchito m'maofesi pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, amasonkherana ya minibasi n'kutsika. Zimenezi n'zabwino. Nyanjayi ndi yathu tonse, ndipo mwana wa ku Kasumbu ayenera kuiona ndi maso ake, osati kungoiŵerenga m'buku la jogalafe.

Tsono mukangotsika m'galimoto, musanayale n'komwe nsalu pamchenga, amafika anyamata. Wina akuti akakuonetseni chilumba, wina akuti akakuitanireni nkhwazi idzatole nsomba pamadzi inu mukuona, wina ali ndi boti laliŵiro lokoka chubu, wina akubwereketsa timabwato ta pulasitiki topalasa wekha totchedwa kayak. Ena mwa anyamataŵa ndi antchito a malo ogona alendo, ena ndi aganyu a munthu amene ali ndi boti limodzi kapena aŵiri m'mudzimo. Mtengo umakambidwa mwaluso, pakuti ife a ku Dedza kunenerera malonda timakudziŵa. Msungichuma wa gulu amalimbana nawo mpaka atsitse. Koma pa mphindi zonse zimene zimathera pa mtengo, kaŵirikaŵiri sipapezeka ngakhale imodzi yofunsa kuti botilo limanyamula anthu angati, majekete oyandamitsa alipo angati, ndiponso kuti mnyamata amene ati agwire injiniyo ndani.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Ife a ku mapiri tili ndi nzeru zathu. Mtambo ukakuta phiri la Dedza timadziŵa ngati ndi wa mvula kapena ndi chiperoni chabe. Mtsinje wa Linthipe ukadzaza timadziŵa poyenera kuwolokera ndi posayenera. Koma nyanja ili ndi chinenero china chimene sitinachiphunzire, ndipo ambiri a ife kusambira kwathu ndi kwa m'maiŵe ofika m'chiuno. Choncho tikakwera boti timakhala tapereka moyo wathu wonse m'manja mwa munthu mmodzi amene tamuona koyamba mphindi khumi zapitazo. Pamsewu, dalaivala akayamba misala mukhoza kufuula kuti aime mutsike. Panyanja palibe potsikira.

Ndiloleni ndinene pang'ono za mphepo, pakuti ndiyo imalamula zonse kumeneko. Asodzi amaziitana ndi maina. Yoopsa kwambiri ndi mwera, imene imaomba kuchokera kummwera chakummaŵa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Sepitembala. Onani kuti imeneyi ndi nyengo imene ana amatsekera sukulu ndiponso imene timakondwerera ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye. M'nyengo ya mvula kumabwera mpoto kuchokera kumpoto, ndiponso anamondwe amene amadzuka mwadzidzidzi kuli dzuŵa. Nyanja ya Malaŵi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Mphepo ikamayenda mtunda wautali chotero pamwamba pa madzi popanda choitchinga, mafunde amakula ngati a panyanja yamchere. Kumene madzi ndi osaya, monga m'mbali zambiri za kummwera kuno, mafunde amakhala aafupi koma otsatizana msangamsanga, ndipo ameneŵa ndiwo amadzaza boti laling'ono lisanapeze mpata wodzuka.

Pali chinthu china chimene chimanyenga alendo, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Gombe la Chembe ku Cape Maclear linayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri. Mwera ukamaomba, mapiriwo amautchinga, kotero kuti munthu woima pamchenga amaona madzi ali bata ngati m'mbale. Koma mphepoyo sinaleke. Yangodumpha pamwamba panu n'kukatera kutsogolo, ndipo boti likangotuluka kuseri kwa chilumba cha Thumbi kapena cha Domwe limakumana nayo maso ndi maso. Choipa china n'chakuti mphepo yotere imakankha kuchokera kumtunda kupita pakati pa nyanja. Mlendo amene wabwereka kayak amaona kupita kukukoma, akumayenda mosavutikira, osadziŵa kuti ikumuyendetsa ndi mphepo. Pofuna kubwerera mpamene amazindikira kuti mikono yake siingalimbane nayo. Ku Senga Bay zinthu n'zosiyana: gombelo linayang'ana kummaŵa, ndipo mafunde amafika pamchenga penipeni, mlendo n'kudzionera yekha. Mnyamata wobwereketsa kayak amazidziŵa zonsezi kuyambira ali mwana. Funso ndi lakuti, kodi amamuuza mlendoyo, kapena amangolandira ndalama n'kumukankhira pamadzi?

Akuluakulu amene akutimvera akumbukira dzina la Vipya. Imeneyi inali sitima yatsopano ya kampani ya Nyasaland Railways, ndipo inali itangoyenda maulendo oŵerengeka onyamula anthu. Pa 30 Julaye 1946, m'nyengo ya mwera, inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kulunjika ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Siinafike. Inagubuduzika mafunde atakula, ndipo anthu 145 anathera m'madzi, ambiri a iwo ali m'zipinda zapansi mmene sanathe kutulukamo. Mpaka lero imeneyi ndiyo ngozi yaikulu koposa imene inachitika panyanja yathu. Zimene zinalembedwa pambuyo pake zimatchula zinthu ziŵiri: kuti sitimayo inali yolemera kumwamba, ndi kuti woiyendetsa anapitiriza ulendo nyanja itakwiya kale. Ilala imene tonse timaidziŵa, yomangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow n'kuyamba ntchito mu 1951, inabwera kudzatseka dzenje limene Vipya inasiya. Ndatchula nkhaniyi pofuna kuti tiyerekeze. Ngati sitima yachitsulo, yokhala ndi kaputeni wophunzira ndi antchito ambiri, inalephera kulimbana ndi mwera, nanga boti lamatabwa la injini imodzi, lodzaza ana a sukulu, lingapirire bwanji?

Anthu amakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Pa nkhani ya maboti ine mwambi umenewu sindiuvomereza kwenikweni, chifukwa ngozi zambiri zimaoneka zisanachitike, boti lidakali pamchenga. Mu Epulo 2017, ku Mlowe m'boma la Rumphi, boti lonyamula anthu oposa 70 ochokera ku mapemphero a Pasaka linagubuduzika, ena anamwalira ndipo ena anasoŵa. Mu Epulo 2023, pamtsinje wa Rusa ku Mchinji, bwato lonyamula anthu opita ku maliro linamira ndipo miyoyo inatayika. Onseŵa anali anthu a gulu limodzi, odziŵana, opita kumodzi, ndipo pagulu lotere palibe amene amafuna kutsala kapena kuuza mnzake kuti adikire ulendo wachiŵiri. Ndi mmenenso timakhalira ife tikatsika ndi kwaya kapena ndi kalasi. Tabwera limodzi, tikwere limodzi, tijambulitse limodzi. Mwini boti naye amaona kuti ulendo umodzi umadya petulo wochepa kuposa maulendo aŵiri. Mbali zonse ziŵiri zagwirizana, ndipo boti lanyamuka.

Kodi kudzaza kumaopsa motani? Taonani mbali ya boti, kuchokera pamene pafika madzi mpaka pamlomo pake. Mpata umenewo ndiwo linga lanu. Munthu aliyense wokwera amautsitsa pang'ono, mpaka umatsala wonga chikhatho. Pamadzi abata boti lotere limayenda ndithu, ndipo n'chifukwa chake woyendetsa amakuuzani kuti dzulo ananyamula ochuluka kuposa apa. Koma funde limodzi likaloŵa, madziwo amawonjezera kulemera, boti limatsikanso, funde lachiŵiri limaloŵa mosavuta kuposa loyamba. Madzi a m'botiwo sakhala malo amodzi: boti likapendekera kumanzere nawo amathamangira kumanzere, n'kulipendeketsa koposa. Anthu nawo akachita mantha amaimirira, ndipo kuimirira kumakweza kulemera m'mwamba. Ngakhale popanda mantha, zimachitika pachisangalalo. Mnyamata akaimba mluzu n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika pamtengo, anthu onse amakhamukira mbali imodzi ndi mafoni awo. Woyendetsa wanzeru amachenjeza zimenezi asanaponye nsombayo.

Tsopano tinene za anyamatawo, ndipo tiwanene mwachilungamo. Ambiri a iwo ndi akatswiri enieni. Anabadwira m'mbali mwa madzi, anayamba kupalasa bwato asanayambe sukulu, ndipo ngozi ikachitika ndiwo amayamba kudumphira m'madzi kukavuula anthu, apolisi asanafike. Koma ukatswiri womwewo uli ndi msampha wake. Munthu amene amasambira ngati nsomba saona kugubuduzika kwa boti ngati imfa. Kwa iye n'kunyowa chabe, n'kuseka, n'kulitembenuzanso. Zimamuvuta kukhulupirira kuti mayi wamkulu wa ku Kaphuka, wovala chitenje chake ndi nsapato, akagwera m'madzi akuya mamita aŵiri okha, pamtunda woti n'kuponyapo mwala kuchokera pagombe, akhoza kufa. Ndiye pali unyamata. Boti likadzaza atsikana a sekondale, dzanja limafuna kupotokola injini, kukhota mwadzidzidzi kuti akuwe, kudutsa pafupi ndi boti la mnzake kuti mafunde awagwedeze. Kukuwa kwa okwera iye amakumva ngati kumuyamikira.

Tsiku lina pamalo ena a m'mbali mwa nyanja, amene sindiwatchula, ndinaona boti likunyamuka ndi ana a sukulu. Majekete analimo, koma anaŵa anawakhalira ngati mitsamiro chifukwa matabwa anali otentha. Woyendetsa anali ndi botolo la moŵa pakati pa mapazi, ndipo wothandiza wake anatsala pamtunda kuti malo ake akhalepo mwana wina wolipira. Aphunzitsi aŵiri anali pamthunzi akuŵerengera ndalama za chakudya. Botilo linabwera bwinobwino, ana akuimba. Palibe amene analemba za ulendowo m'nyuzipepala, ndipo mnyamatayo anaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti zimatheka. Maulendo otere ndiwo amandiopsa kwambiri, pakuti ulendo uliwonse wosasamala umene watha bwino umalimbitsa mtima wa woyendetsa kuti maŵa achitenso chimodzimodzi.

Komatu tisamuunjikire zonse mnyamatayo. Kumbuyo kwake kuli mwini boti, ndipo khalidwe la wantchito kaŵirikaŵiri limachokera pa mmene amalipidwira. Ngati malipiro ake amadalira kuchuluka kwa mitu imene wanyamula, kapena ngati bwana amafuna ndalama yakutiyakuti madzulo aliwonse kaya kuli mwera kaya kulibe, ndiye kuti mnyamatayo akakana ulendo wagona ndi njala. Mwini boti amene amati antchito ake ndi osamvera ayambe wadzifunsa kuti, kodi tsiku limene wantchito wanga anabweza alendo chifukwa cha mphepo, ndinamuyamikira kapena ndinamukalipira? Ndi mwini yemweyo amene amagula majekete kapena kusagula, amene amakonzetsa injini kapena kungoti ikankheni iyenda, amene amapereka petulo wokwana kupita ndi kubwera ndi wina wapadera kapena wongokwana ndendende. Injini ikazima pakati pa madzi, boti limatembenuka n'kupereka nthiti zake ku mafunde, ndipo popanda nkhafi, nangula ndi chokapira madzi, palibe chimene woyendetsa angachite ngakhale akhale katswiri wotani.

Anzathu a ku Uganda anaziona zimenezi pa 24 Novembala 2018. Boti lachisangalalo lotchedwa Templar linanyamuka ndi anthu opita kukavina ndi kumwa panyanja ya Victoria, ndipo linamira pafupi ndi gombe la Mutima m'boma la Mukono. Anthu oposa 30 anamwalira. Akuluakulu a boma kumeneko ananena kuti botilo linali lodzaza mopyola muyeso, linali losakonzedwa bwino, ndipo linalibe chilolezo choyendera. Amene anakwera sanali anthu osauka okakamizika kuwoloka mtsinje popita ku chigayo. Anali anthu a m'tauni, ophunzira, andalama zawo, amene akanatha kufunsa mafunso n'kutsika. Koma nyimbo zinali kulira, anzawo anali atakwera kale, ndipo munthu safuna kuoneka wamantha pagulu.

Dziko lathu lili ndi malamulo pa zimenezi. Lamulo la maulendo a pamadzi a m'dziko muno, la chaka cha 1995, limafuna kuti zombo zizilembetsedwa ndi kuyezedwa, ndiponso kuti oziyendetsa akhale oyenera ntchitoyo. Pali nthambi ya boma yoyang'anira za pamadzi, pali apolisi a panyanja, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa ntchito za m'sitima. A nthambi yoona za nyengo amalengeza pa wailesi mwera ukamayandikira, ndipo chenjezo limenelo si la asodzi okha ayi. Koma gombe la nyanja yathu ndi lalitali, madooko ndi osaŵerengeka, ndipo wapolisi sangaime paliponse pamene boti likunyamuka Loŵeruka masana. Woyang'anira amene amapezeka nthaŵi zonse pamalopo ndi wokwera mwiniyo, makamaka amene akutsogolera gulu.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, pakuti nanenso ndinadzera ku koleji ya zauphunzitsi ndisanabwere ku wailesi, ndi kwa inu atsogoleri a makwaya ndi amayi apampando, ndili ndi mawu. Makolo amene anasaina kalata yolola mwana kupita ku nyanja anapereka mwanayo kwa inu, osati kwa mnyamata wa pagombe. Safunsa anadya phula. Funsani kuti botilo n'la yani, ndipo ngati n'la malo ogona alendo, kalankhuleni ndi woyang'anira malowo kuti adziŵe kuti mwakwera. Funsani kuti limaloledwa kunyamula anthu angati, ndipo pokwera muŵerenge mitu inu nomwe, mokweza. Akakuuzani kuti ana aŵiri ndi munthu mmodzi, musavomere. Yandikirani woyendetsayo polankhula naye, mphuno yanu ikuuzeni ngati walaŵa. Kenaka pitani kwa msodzi wachikulire amene akusoka ukonde pamthunzi, amene sapindula kanthu ndi ulendo wanu, mumupatse moni mwaulemu n'kumufunsa kuti, “Bambo, nyanjayi lero ili bwanji?” Ngati mabwato a asodzi onse ali pamtunda dzuŵa lili pamutu m'mwezi wa Julaye, yankho mwalipeza kale. Ndipo ngati gulu ndi lalikulu, ligaŵeni paŵiri, mphunzitsi mmodzi m'boti, wina pamtunda ndi mndandanda wa maina. Zoona, mulipira kaŵiri. Ndalama imeneyo iŵerengeredwe kunyumba konkuno pokonza ulendo, pamodzi ndi ya minibasi ndi ya mpunga.

Za majekete ndinenepo mwapadera, chifukwa ambiri amawavala ngati ongojambulitsira. Jekete yosamanga zingwe imavuka munthu akangogwera m'madzi, kapena imakwera n'kumuphimba kumaso. Jekete ya munthu wamkulu pa mwana wa Sitandade 3 ndi chimodzimodzi thumba: mwanayo amapulumukira pansi. Muyeseni musananyamuke pomunyamula ndi mapewa a jeketeyo. Ikakwera kupyola makutu ake, siyake. Jekete yong'ambika, imene zam'kati mwake zinaphwanyika ndi dzuŵa, ibwezeni. Ndipo dziŵani kuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho sanyamula thupi monga amachitira madzi a ku Beira. Amene anasambirako kunyanja yamchere asadzinamize. Bambo amene amati iye ndi wamkulu sangavale zimenezo, avale chifukwa cha ana amene akumuyang'ana.

Chinanso ndi injini. Kunsi kwake kuli pulopela, chitsulo chozungulira chimene chimadula mnofu ngati chikwanje. Pamene anthu akutsika kuti asambire ndi kuona tinsomba ta mbuna m'miyala ya pachilumba, kapena pamene wina wagwa pa chubu chokokedwa ndipo boti likubwerera kukamutenga, injini iyenera kuzimitsidwa munthuyo asanayandikire. Pokoka chubu payenera kukhala anthu aŵiri, wina woyang'ana kutsogolo ndi wina woyang'ana okokedwawo, pakuti munthu mmodzi sangaone mbali zonse. Boti laliŵiro limene likuseŵera pakati pa anthu osambira likuchita zolakwa, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula kwa mwini malo kapena kwa apolisi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaŵerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ambiri a iwo ana ndi achinyamata, ndipo bungwe la United Nations linasankha tsiku la 25 Julaye kukhala lokumbutsana za kupeŵa imfa zotere. Chimene akatswiri a nkhaniyi amabwereza n'chakuti munthu womira sakuwa monga timaganizira. Alibe mpweya wokuwira. Amangoti mutu tumphu, n'kubisika, tumphunso, ndipo pakutha pa mphindi zoŵerengeka wapita, anzake akuseka chapafupi pomwepo. N'chifukwa chake pagulu payenera kukhala munthu mmodzi amene ntchito yake n'kuyang'ana basi, osasambira, osajambula, osagula nsomba.

Nanga zikavuta, boti n'kugubuduzika? Musalisiye. Maboti ambiri amatabwa ndi a pulasitiki samira msanga ngakhale atatembenuka, ndipo opulumutsa amaona boti patali mosavuta kuposa mutu wa munthu pakati pa mafunde. Pamadzi mtunda umanyenga maso: gombe limene likuoneka pafupi likhoza kukhala pa kilomita yathunthu. Gwirani botilo, vulani nsapato, ndipo musakwerane pamsana. Inu amene muli pamtunda kapena m'boti lina, ngati simudziŵa kusambira musadumphire m'madzi, pakuti womira amagwira ndi mphamvu zoopsa ndipo maliro amakhala aŵiri. Mupatseni nsungwi, nkhafi kapena chitenje chopota kuti agwire, kapena muponyereni chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotseka bwino, chimene chimatha kuyandamitsa munthu wamkulu. Mukamuvuula musataye nthaŵi ndi kumuzondotsa kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kupsinja pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, mutengereni ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene aloŵa m'mapapo amatha kumuvutitsa patapita maola, minibasi ili kale pakati pa Khwekhwerere pobwerera kumudzi.